Wotchi ikuti mwawotcha makalori 500, ndiye mudyenso kapena ayi?

Funsoli ndalimva kambirimbiri kwa anzanga amene ayamba zochepetsa thupi, makamaka aja agula wotchi yowerenga masitepe kapena ayika app pa foni. Munthu wadzuka 5 koloko m'mawa, wajoga, thukuta lili kamukamu, kuyang'ana pa dzanja wotchi ikuti wawotcha makalori 500 (makalori ndi muyeso wa mphamvu zimene thupi limapeza m'chakudya), nde akufunsa kuti kodi 500 imeneyi ndi yanga ndiyidye kapena ndingoyisiya? Ine yankho langa ndi ili, musadye yonse. Masiku ambiri musawonjezere olo pang'ono, masiku ena ochepa idyani theka lake basi. Koma kuti mudziwe tsiku lake ndi liti pakufunika timvetsetsane kaye.

Ine ndinakhalapo miyezi itatu ndikuyenda m'mawa uliwonse kuchoka ku Chitawira kukazungulira ku Ginnery Corner n'kubwerera, osajomba olo kugwe chiperoni, koma sikelo osasuntha, ndipo zinkandiwawa kwambiri chifukwa khama ndinkalichita ndithu. Nditakhala pansi n'kulemba zonse zimene ndinkadya ndinapeza kuti ndikafika kunyumba ndinkamwa tiyi wa shuga masupuni atatu ndi mandasi awiri, mumtima ndikuti ndagwira ntchito ndiyenera, pomwe kale ndisanayambe kuyenda ndinkangomwa phala basi. Zonse zimene ndinkawotcha pa msewu ndinkazibweza pa tebulo pasanathe mphindi khumi.

Choyamba dziwani kuti nambala ya pa wotchiyo si yoti mungayikhulupirire kwambiri. Mu 2017 akatswiri a ku Stanford University ku America anayesa mawotchi 7 osiyanasiyana, kuphatikizapo Apple Watch ndi Fitbit, pa anthu 60, anthuwo akuyenda, kuthamanga, kupalasa njinga. Pa kugunda kwa mtima mawotchi ambiri anachita bwino, koma pa makalori ayi ndithu, imene inachita bwino kuposa zonse inkaphonya ndi 27 pa 100 ndipo yomaliza inkaphonya ndi 93 pa 100. Chifukwa chake n'chosavuta kumva, wotchi siyeza makalori, imangoyeza kugwedezeka kwa dzanja ndi kugunda kwa mtima kenako n'kumangoyerekeza. Makina a ku jimu aja, treadmill ndi njinga, nawonso chimodzimodzi, ena sakufunsani n'komwe kuti mumalemera bwanji.

Tsopano tiyeni tiwerenge limodzi, ndi pamene nkhani yagona. Titenge munthu wa makilo 80. Akayenda mwandawala kwa ola limodzi, makilomita ngati 5, amawotcha makalori pafupifupi 280. Koma munthu yemweyu olo akanangokhala pa mpando ola limenelo kumawonera TV akanawotchabe pafupifupi 80, chifukwa thupi silipuma, mtima ukupopa, mapapo akugwira ntchito, ubongo ukudya, ndipo mwachidule munthu amawotcha kalori imodzi pa kilo iliyonse ya thupi lake pa ola ali chikhalire. Ndiye zimene kuyendako kwawonjezera zenizeni ndi 200 osati 280. Mawotchi ena amakuonetsani zonse pamodzi osachotsera, ena amachotsera, fufuzani pa yanuyo kuti ikuonetsa ziti.

Sizinathere pomwepo. Thupi nalo limachenjera, mukawonjezera mafizo limapeza kwina kochepetsa. Katswiri wina wa ku America dzina lake Herman Pontzer ndi anzake anakayeza a Hadza a ku Tanzania, anthu amene amakhalira kusaka ndi kukumba mizu ndipo amayenda mitunda yayitali tsiku ndi tsiku, ndipo zimene anatulutsa mu 2012 zinadabwitsa anthu, makalori amene a Hadza amawotcha pa tsiku sanasiyane kwenikweni ndi a anthu a m'tauni ku America ndi ku Ulaya akawerengera kukula kwa matupi. Kafukufuku wina wa mu 2021 wa anthu oposa 1,700 anapeza kuti pa makalori 100 aliwonse amene munthu wawotcha ndi mafizo, pafupifupi 28 thupi limawabweza pochepetsa ntchito zina zamkati. Komanso inu nomwe mukudziwa, tsiku limene mwapita ku aerobics m'mawa masana ake mumangofuna kukhala, pamene mukanayenda wapansi mukukwera kabaza, kuchapa mukuti ndichapa mawa. Ndiye 200 ija ikhoza kutsika kufika mwina 145.

Nanga 145 ndi chani pa chakudya? Coke wa m'botolo la 300ml ali ndi makalori pafupifupi 126, wa 500ml ndi 210. Supuni yayikulu imodzi ya mafuta ophikira ndi 120, imodzi yokha, ndiye ganizirani mafuta amene amalowa mu tchipisi cha pa chiwaya. Mtedza timaukonda poti ndi chakudya chabwino, ndipo ndi chabwinodi, koma magalamu 100 ali ndi makalori oposa 550. Ufa wa chimanga magalamu 100 ndi pafupifupi 360, kaya woyera kaya mgaiwa kusiyana kwake pa makalori n'kochepa, mgaiwa umangokhalitsa m'mimba. Botolo limodzi la mowa ndi cha m'ma 140. Ola lathunthu loyenda limathera pa botolo limodzi la zoziziritsa kukhosi, ndipo ndikakuwuzani izi sikuti ndikufuna mugwe ulesi ayi, ndikufuna kuti khama lanu lisamapite pachabe ngati linachitira langa.

Ndiye muchite bwanji? Yambani ndi kudziwa kuti nambala ya makalori oti muzidya pa tsiku munayipeza bwanji, apa ndi pamene ambiri amalakwitsa osadziwa. Ma calculator a pa intaneti amafunsa zaka, msinkhu, kulemera, kenako amafunsa kuti mumatakataka bwanji. Mukasankha kuti mumangokhala amatenga makalori amene thupi lanu limawotcha likungopuma n'kuchulukitsa ndi 1.2, mukati mumachita mafizo katatu kapena kasanu pa wiki amachulukitsa ndi 1.55. Ngati munasankha 1.55 ndiye kuti mafizo anuwo alowa kale mu nambalayo, mukadyanso makalori a pa wotchi mwawawerenga kawiri, ngati kulandira salale ya mwezi umodzi kawiri, bwana adzazindikira basi, ndipo bwana wake apa ndi sikelo. Zikatero musawonjezere kalikonse, idyani nambala yomweyo tsiku la jimu ndi tsiku lopuma. Ine njira imeneyi ndi imene ndimayikonda chifukwa mutu sumapweteka ndi masamu a tsiku ndi tsiku.

Ngati munasankha 1.2 ija ya munthu wongokhala, apo mafizo sanawerengedwe, nde n'chifukwa chake ma app ngati MyFitnessPal amakuwonjezerani okha makalori mukalemba kuti mwathamanga. Apa yang'anani mtundu wa mafizo anu. Kuyenda mphindi 30 kapena 45, kaaerobics kopepuka, kunyamula zitsulo kwa ola limodzi kumene theka la nthawi mumakhala mukupuma pakati pa ma seti, zimenezi musadyerenso, zisiyeni zikhale phindu. Mutha kulowa mu ma setting n'kuzimitsa zowonjezerazo kuti zisamakuyeseni. Koma ngati mwathamanga makilomita 10, mwasewera mpira 90 minitsi yonse, mwakwera Michiru kapena Mulanje, mwapalasa njinga maola awiri, imeneyo ndi nkhani ina. Pothamanga munthu amawotcha pafupifupi kalori imodzi pa kilo iliyonse pa kilomita iliyonse, ndiye wa makilo 80 uja pa makilomita 10 wawotcha cha m'ma 800. Ngati anali kale akudya mochepetsa ndi 500, tsiku limenelo dzenje lakula kupitirira 1,000, ndipo ukamatero kawirikawiri thupi limayamba kudandaula. Tsiku ngati limenelo tengani nambala ya pa wotchi, gawani pakati, idyani theka. Wotchi ikati 800 idyani 400, ikati 600 idyani 300.

Ndipo theka limenelo likhale chakudya chimene munakonzeratu musanatuluke pakhomo, osati chimene maso agwerapo pa depoti muli ndi njala. Munthu wa njala ya mafizo sasankha bwino, fungo la kanyenya likangomudutsa basi zatha. Phikiranitu mazira awiri, amenewo ndi makalori ngati 150, onjezerani nthochi imodzi ya 100, kapena mbatata yowiritsa, kapu ya chambiko, kapena ingowonjezerani ndiwo pa nkhomaliro, usipa, nyemba, soya pisesi, nkhuku yopanda chikopa. Chakudya cha mapuloteni chimathandiza minofu kuchira komanso chimagwira m'mimba kwa nthawi yayitali. Zakumwa zotsekemera ndi zimene ndimakana kwambiri pa nthawi imeneyi chifukwa zimalowa ngati madzi, makalori 200 apita koma njala ili pomwepo. Ndipo nthawi zina chimene mukumva ngati njala ndi ludzu chabe makamaka mu October kukatentha, imwani kaye madzi, sambani, dikirani pang'ono muone ngati njalayo idakalipo.

Pali kaganizidwe kena kamene ndikufuna tikasiye, koti mafizo ndi ndalama yogulira chakudya, kapena ndi chilango cha zimene tinadya dzulo ku ukwati. Ukayamba kuganiza choncho umapezeka tsiku limene sunathamange ukuopa kudya nsima, tsiku limene wathamanga ukudya mopanda malire. Mafizo ntchito yake yayikulu ndi kulimbitsa mtima, kutsitsa BP ndi shuga, kuteteza minofu kuti pamene mukuonda pazichoka mafuta osati nyama, komanso kugona bwino. Amathandizanso kwambiri kuti thupi likatsika lisabwererenso. Kutsitsa sikelo kwenikweniko kumachitikira m'mbale.

Tsopano njira yodziwira ngati mukuchita bwino, chifukwa masamu onsewa ndi ongoyerekeza, thupi lanu ndi limene linganene zoona. Kwerani sikelo m'mawa mutachoka kuchimbudzi musanadye, katatu kapena kanayi pa wiki, sikelo yomweyomweyo, lembani mu kope. Musatengeke ndi nambala ya tsiku limodzi, phatikizani za wiki yonse mupeze yapakati n'kufananiza ndi wiki yotsatira, mpaka mawiki atatu. Kilo imodzi ya mafuta a m'thupi ndi makalori pafupifupi 7,700, ndiye mukamachepetsa 500 pa tsiku muyembekezere kutsika pafupifupi theka la kilo pa wiki. Mukaona mukutsika pakati pa theka la kilo ndi kilo imodzi pa wiki ndipo mphamvu muli nazo, musasinthe kanthu. Mukaona mawiki atatu adutsa palibe chasintha ndipo mumadyanso makalori a mafizo, siyani kuwadya muonenso. Mukaona mukutsika mothamanga kuposa kilo pa wiki kwa mawiki angapo, mukufooka, onjezerani chakudya pa masiku a mafizo.

Chenjezo laling'ono kwa amene angoyamba kumene, wiki yoyamba kapena yachiwiri sikelo ikhoza kukwera m'malo motsika, musataye mtima. Minofu ikamawawa imasunga madzi, komanso thupi limayamba kusunga shuga wambiri mu minofu ndipo galamu iliyonse ya shuga ameneyu imakoka madzi magalamu ngati atatu. Amayi nawonso masiku oyandikira kumwezi thupi limagwira madzi. Si mafuta amenewo. Tengani tepi ya atelala muziyeza m'chiuno pa mchombo kamodzi pa wiki, nthawi zambiri lamba amayamba kulankhula sikelo isanalankhule.

Koma pali anthu amene sindikufuna amve nkhaniyi ngati ndikuti dzimaneni chakudya. Ngati mukuchita chizungulire poimirira, tulo sitikubwera, mukungopsa mtima ndi aliyense, tsitsi likuthothoka, mtunda umene munkathamanga bwinobwino ukukukanikani, mukumva kuzizira anzanu akumva kutentha, ndiye kuti mukudya zochepa kwambiri poyerekeza ndi ntchito imene mukulipatsa thupi. Kwa atsikana ndi amayi chizindikiro chachikulu ndi kusiya kusamba mwezi ndi mwezi pamene mulibe pakati, ichi musachitenge mopepuka chifukwa chimafooketsa mafupa, pitani kuchipatala ndipo onjezerani chakudya. Amene muli ndi matenda a shuga ndipo mumabaya insulin kapena kumwa mapilisi ngati glibenclamide, malangizo oti musadyenso aja si anu, shuga akhoza kutsika kwambiri pa mafizo kapena maola angapo mutamaliza, muziyenda ndi kenakake kotsekemera m'thumba ndipo kambiranani ndi adokotala anu musanasinthe kadyedwe. Amayi oyembekezera, oyamwitsa ndi ana amene akukula, zowerenga makalorizi zisiyeni kaye pokhapokha achipatala atakuwuzani.

Komanso ngati ntchito yanu ndi ya thukuta kale, mumalima, mumapalasa kabaza wa njinga, mumawumba njerwa kapena kunyamula katundu mu msika, musadzilembe pa 1.2 ayi, inu mafizo anu ndi tsiku lonse, sankhani nambala yapamwamba pa calculator ija kenako chepetsani pang'ono pokha, mwina kuchoka pa mitanda itatu kufika iwiri n'kudzazitsa mbale ndi masamba. Ine ndinangobwerera ku phala langa la m'mawa, shuga supuni imodzi, mandasi ndinawasiyira Loweruka limene ndimayenda ulendo wautali, ndipo njira ya ku Ginnery Corner ija ndimayendabe yomweyo.