Momwe mphunzitsi wa kuchigwa cha Shire angatungire zophunzitsira pa intaneti popanda kudya malipiro onse

Amene anagwirako choko ku Chikwawa kapena ku Nsanje akudziwa m'mene Okutobala amakhalira. Ikamati 11 koloko malata ayamba kale kulira, ana akudzikupiza ndi makope, mphunzitsi malaya atamatirira kumsana. Ndiye wina akatsika phiri la Thabwa n'kudzatiuza pamaphunziro kuti masiku ano zonse zili pa intaneti, timangoyang'anana. Zilikodi. Koma netiweki pasukulu pathu imagwira pachulu cha kuseri kwa bwalo la mpira, potchajira foni ndi kumsika, ndipo malipiro pofika pakati pa mwezi amakhala atatsazika.

Ine ndakhala ndikukonzekera maphunziro ndi foni kwa zaka zingapo tsopano, ndipo ndinaona kuti intaneti imafuna kuitenga ngati mjigo. Palibe amene amasamutsira banja pamjigo. Umanyamula ndowa, kutunga, kubwerera kunyumba, madziwo n'kugwira ntchito masiku angapo. Ndipo ife akuno tikudziwa bwino kuti si mjigo uliwonse umene madzi ake amamweka, ina ndi yamchere. Nayi njira imene ndimatsata.

Choyamba: tsekulani sikimu, foni ikhale kaye m'thumba

Apa ndi pamene ambiri timagwera. Munthu wagula bandulo kuti afufuze za phunziro la mawa, pakutha pa ola waonera zigoli za mpira wa ku England, wayankha mikangano ya pagulu la WhatsApp la kumpingo, phunziro lija silinakhudzidwe. Choncho musanayatse intaneti tengani sikimu (dongosolo lanu la zophunzitsa m'teremu), silabasi ndi buku la mphunzitsi la ku MIE, bungwe lokonza silabasi ndi mabuku a sukulu ku Domasi. Yang'anani mitu ya masabata awiri kapena atatu akubwerawa, mulembe papepala malo amene mukudziwa kuti amakuvutani inuyo kapena amavuta ana. Musalembe kuti "sayansi". Lembani kuti "chithunzi choonetsa m'mene magazi amayendera mumtima", kapena "nkhani yaifupi ya Chichewa ya Sitandade 2 yokhala ndi maphatikizo a mb ndi nd". Pepala limenelo ndiye ndowa yanu. Zinthu zisanu kapena zisanu ndi chimodzi n'zokwana.

Chachiwiri: matani mabowo amene bandulo imadonthera

Aphunzitsi anzanga ambiri amadandaula kuti bandulo yawo yabedwa, chikhalirecho yadyedwa ndi foni yomwe. Mu WhatsApp lowani pa Settings, kenako Storage and data, mufike pa Media auto-download n'kuchotsa zonse, kuti zithunzi ndi mavidiyo a m'magulu asamadzitsitse okha. Mu Play Store uzani foni kuti isamakonzenso mapulogalamu yokha pokhapokha ili pa Wi-Fi. Yatsaninso Data Saver m'makonzedwe a foniyo. Pa YouTube sankhani 240p kapena 360p. Pakagalasi ka foni kusiyana kwake ndi 720p n'kochepa, koma kusiyana kwa ndalama n'kwakukulu. Izi ndi za mphindi khumi basi, ndipo mumachita kamodzi.

Ngati mungathe, khalani ndi simu ziwiri, ya Airtel ndi ya TNM, chifukwa kuno pamene ina yafa inzake nthawi zina imapuma. Yerekezaninso mitengo ya mabandulo a tsiku limodzi ndi a usiku. Popeza inu mukukatunga kamodzi, bandulo yaikulu yokhalitsa maola ochepa imakupindulirani kuposa yaing'ono ya mwezi wonse.

Chachitatu: dziwani mijigo ya madzi abwino

Kwa a makalasi aang'ono, poyambira ndi African Storybook, nkhokwe ya timabuku ta nkhani ta ana imene inayambitsidwa ndi bungwe la Saide la ku South Africa. Timabukuti ndi taulere, tili m'zilankhulo zambiri za mu Africa muno kuphatikizapo chathu, ndipo mungathe kusankha molingana ndi msinkhu wa owerenga n'kutsitsa ngati PDF. StoryWeaver ya Pratham Books ya ku India ndi Bloom Library nazonso zimagwira ntchito chimodzimodzi. Ubwino wake, chilolezo cha timabuku tambiri ta m'menemo chimakulolani kumasulira ndi kusintha. Kwa ife izi n'zazikulu, chifukwa mwana wa ku Marka kapena ku Tengani amabwera ku Sitandade 1 akulankhula Chisena, m'kalasi akumana ndi Chichewa, pofika Sitandade 5 zonse zasanduka Chingerezi. Nkhani imodzi mukaikonza m'Chisena ndi m'Chichewa ndi zithunzi zomwezo, mwamuikira mwanayo mlatho.

A masamu ndi sayansi, makamaka a ku CDSS kumene labotale ndi dzina chabe, funani PhET. Ndi timasewera toyeserera za sayansi ndi masamu topangidwa ku University of Colorado Boulder ku America, taulere. Muli kena kolumikizira batire, mawaya ndi babu: mwana amakoka waya ndi chala, babu n'kuyaka, akawonjezera batire babu n'kuwala kwambiri. Kalikonse mungathe kukatsitsa ngati fayilo imodzi n'kumakatsekula intaneti itazima. Khan Academy ili ndi mavidiyo a masamu ochuluka, ngakhale ine ndimawaona kuti amathandiza mphunzitsi kuposa mwana, pachifukwa chimene ndinena kutsogoloku. Ofuna kunola kaphunzitsidwe, mwachitsanzo m'mene mungayendetsere ntchito ya m'magulu m'kalasi yodzaza, aone zolemba za TESSA, zimene Open University ya ku Britain inakonza pamodzi ndi masukulu a uphunzitsi a mu Africa.

Palinso mapulogalamu awiri opangidwira malo ngati athu ano. Kiwix imakulolani kusunga Wikipedia, kapena gawo lake monga la zamankhwala kapena la sayansi, mufoni momwemo. Kolibri, ya bungwe la Learning Equality, imasonkhanitsa zinthu za Khan Academy, PhET, African Storybook ndi zina pamalo amodzi. Mukaiika pa laputopu, mafoni ena oyandikira amatha kuona zomwezo kudzera pa Wi-Fi ya pamalopo popanda kudya bandulo. Izi zimafuna munthu woleza mtima tsiku loyamba, ndipo zikuyenera kwambiri TDC, malo amene aphunzitsi a zoni imodzi amakumanirako, kusiyana ndi mphunzitsi mmodzi payekha. Kambani ndi a PEA, alangizi a masukulu a pulayimale a m'zoni yanu.

Chachinayi: sankhani tsiku lotunga

Ine ndimatunga tsiku limene ndapita kukatenga malipiro. Kaya ndi pa Nchalo, pa Ngabu, pa Bangula kapena paboma, pamene netiweki ili yamphamvu khalani pamthunzi, tulutsani pepala lija, muyambe kutsitsa chimodzichimodzi. Chilichonse chikatsika chipatseni dzina nthawi yomweyo, monga "Std6 Sayansi mtima", n'kuchiika m'foda ya kalasi yake. Mukachisiya ndi dzina lake la manambala, pakutha pa teremu mudzakhala ndi mulu wa mafayilo osadziwika mutu wake, ngati matumba a pachigayo opanda chizindikiro. Gulani memori khadi m'sitolo yodalirika. Ena otchipa a pamsika amalembedwa kukula kwabodza, ndipo amameza mafayilo mwakachetechete.

Musananyamuke zimitsani intaneti, mutsekule fayilo iliyonse. Kuli bwino kuzindikira muli pomwepo kuti vidiyo inaduka pakati kusiyana n'kukazindikira mutalipira kale kabaza n'kuwoloka madambo.

Chachisanu: lawani musanamwetse ana

Pano ndikhalapo pang'ono chifukwa ndinapsa nazo. Tsiku lina ndinatsitsa vidiyo yokongola yophunzitsa magawo a chinthu chathunthu m'masamu. Sindinaionere mpaka kumapeto. M'kalasi ndinaimika foni patebulo, ana oposa 100 ataunjikana, akutsogolo akukankhidwa ndi akumbuyo. Mzungu wa muvidiyoyo amalankhula Chingerezi cha m'mphuno, akudula pizza. Ana anga pizza sanaionepo. Wina kumbuyo anafunsa ngati chinali chigumu chopsereza, kalasi yonse inafa ndi phwete, phunziro linathera pomwepo. Mawa lake ndinabwera ndi nzimbe imodzi ya mfundo zisanu ndi zitatu ndi chikwanje. Njira yofotokozera ndinaitenga muvidiyo momwe muja, koma chodulidwa chinali nzimbe, ndipo pofika nthawi yopuma ngakhale aja osalankhula amadziwa kuti mfundo ziwiri mwa zisanu ndi zitatu ndi chimodzimodzi gawo limodzi mwa anayi. Kenako tinatafuna masamuwo.

Kuyambira pamenepo chilichonse ndimachifunsa mafunso atatu. Kodi chikugwirizana ndi silabasi yathu, kapena ndi ya dziko lina? Kodi mwana wa kuno achimva, mawu ake ndi zitsanzo zake zomwe? Nanga wachilemba ndani? Manotsi oyendayenda m'magulu a WhatsApp ambiri alibe mwini, ndipo zolakwika zake zimangokoperedwa chaka ndi chaka. Afananizeni ndi buku lovomerezeka.

Zomwezonso ndi Meta AI ya mu WhatsApp ija, kapena ChatGPT. N'zothandiza mukafuna mafunso khumi oyeserera kapena njira ina yofotokozera mutu wovuta, koma zimatha kunama ndi nkhope youma, makamaka pa mbiri ndi malo a dziko lathu. Mayankho a masamu awerengeninso nokha. Google Translate nayo Chichewa imachidziwa, koma nthawi zina chimatuluka chopanda mafupa. Osachipereka kwa ana musanachiwongole.

Ndipo wina akakutumizirani uthenga woti ali ndi mayeso a MANEB a chaka chino, mungomutumizira ndalama pa Mpamba kapena Airtel Money, fufutani. Kawirikawiri ndi wakuba, ndipo zikakhala zoona ndi mlandu wotha nawo ntchito. Tonse tikukumbuka 2020, pamene mayeso a MSCE anathetsedwa ali mkati chifukwa chobedwa, ana osalakwa n'kukalembanso. Mapepala a mayeso a zaka zam'mbuyo ndiwo oyenera kusonkhanitsa.

Chachisanu ndi chimodzi: sandutsani zotungazo zikhale za m'kalasi

Foni imodzi singakhale bolodi ya ana 100. Zambiri zimene mwatsitsa zikuyenera kudutsa m'manja mwanu kaye. Chithunzi cha mtima chija chijambuleni patchati kapena pathumba la shuga lotambasula, chipachikidwe. Nkhani ya Sitandade 2 ilembeni ndi zilembo zikuluzikulu pakatoni. Imeneyi ndi TALULAR yomwe ija tinaphunzira kukoleji, yophunzitsa pogwiritsa ntchito zinthu zopezeka pamalopo, kungoti maganizo ake achokera kutali. Zomvetsera ndizo zimayenda bwino m'kalasi yaikulu: kasipika ka Bluetooth kotchipa kamafikitsa nyimbo, nthano kapena katchulidwe ka mawu a Chingerezi mpaka kumbuyo.

Zofunika kuona ndi maso, monga PhET, zichitike m'magulu a ana asanu ndi mmodzi kapena asanu ndi atatu, gulu lililonse mphindi zochepa, ena onse akulemba ntchito imene mwawasiyira pabolodi. Foni igwiridwe ndi ana, osati inu, ndipo atsikana agwire nawo, chifukwa mukangolekerera anyamata atatu omwewo ndiwo amalanda. Musanaipereke ikani pa Flight mode, kuopa kuti uthenga wa kunyumba ungatulukire pamaso pa ana.

Ngati sukulu yanu inalandira matabuleti a pulogalamu ya boma ya BEFIT, imene inayamba mu 2023 yothandiza ana a Sitandade 1 mpaka 4 kuwerenga ndi kuwerengera, musaione nthawi imeneyo ngati yopumira pansi pa mtengo. Yendayendani, muone pamene mwana wakakamira, mawa mukayambire pomwepo pabolodi.

Za zithunzi za ana ndingonena mwachidule: osaziponya pa Facebook kapena m'magulu popanda chilolezo cha makolo ndi a hedi, ndipo mndandanda wa mayina ndi malikisi si wa pa status.

Chachisanu ndi chiwiri: gawanani, kenako bisani mbewu

Palibe chifukwa choti aphunzitsi khumi a zoni imodzi agule mabandulo khumi kutsitsa chinthu chimodzi. Gawanani mitu, wina masamu, wina Chichewa, wina ulimi, ndipo mukakumana ku TDC patsiranani ndi Quick Share, Xender kapena Bluetooth, zomwe sizidya bandulo. Yambitsani gulu la WhatsApp la zophunzitsira zokha, lamulo likhale lolimba: mauthenga a maliro, malonda a mbuzi ndi ndale zili ndi magulu ake.

Zipangizo nazo zimafuna chisamaliro cha kuno. Mafoni ambiri anapangidwa kuti azigwira bwino ntchito kutentha kusanapitirire madigiri 35, pamene ife timadutsa 40. Potchaja ndi sola, sola ikhale padzuwa koma foni ikhale pamthunzi, waya atalike. Batire likayamba kufufuma lisintheni. Musadalirenso magetsi a ESCOM okha ngakhale muli pafupi ndi msewu wa M1. Namondwe Ana ataononga damu la Kapichira mu Januwale 2022 tinaona tonse m'mene mdima unatalikira.

Kenako madzi. Mu Malichi 2023 namondwe Freddy atabwera, makalasi ambiri anasanduka misasa ya anthu othawa madzi, ndipo m'masukulu ena mabuku, masikimu ndi marejisitala zinasanduka phala. Choncho Novembala asanathe chitani izi. Jambulani ndi foni tsamba lililonse la sikimu yanu, zikonzekero za maphunziro zimene munazilemba bwino, matchati ndi rejisitala ya malikisi. Tsiku lotunga lija ziikeni pa Google Drive. Aliyense amene ali ndi Gmail ali ndi malo aulere okwana 15GB, ndipo mapepala okhaokha sangawadzaze msanga. Mawu achinsinsi a Gmail yanuyo alembeni pena pobisika podziwa inu nokha, popeza ambiri tinatsekuliridwa ndi mnyamata wa pamsika ndipo sitiwadziwa. Koperaninso zonse pa memori khadi yachiwiri, muikulunge m'kapepala ka pulasitiki, muiponye m'kabotolo kotsekeka bwino. Yanga imakhala m'kabotolo ka mafuta odzola, pamwamba pa mtanda wa denga, pamodzi ndi satifiketi ya uphunzitsi ndi chiphaso cha unzika.