Malangizo a kakonzedwe ka matebulo ocirikiza thabwa pa makina a drum sander

Malangizo awa akonzedwa pamalo a nchito ya ukalipentala ku Salima, ndipo alembedwa m'Cinyanja kaamba ka amisiri a ku Chipata, Katete ndi Petauke amene akugwiritsa nchito makina osalazira matabwa ochedwa drum sander.

Makinawa ali ndi dramu yokulungidwa ndi sandipepa imene imazungulira pamwamba, ndi lamba amene amakoka thabwa pansi pake. Popeza lambayo ndi waufupi, thabwa lalitali ndi lolemera, monga la mlombwa umene kwanuko mumati mukwa, limapendekera ku mbali imene ili panja polowa ndi potuluka, ndipo nsonga imene ili mkati imatukuka n'kukanikizika ku dramu. Pamenepo sandipepa imakumba kacigwa pafupi ndi mapeto a thabwa, nthawi zina n'kusiya mzere wakuda wa kupserera, ndipo coipa cake n'cakuti kacigwako kamabisala mpaka mutapaka vanishi. Nchito ya tebulo lolowetsera ndi tebulo lolandirira ndi kuletsa kupendekeka kumeneku.

Musanagwire cina ciliconse, zimitsani makina ndi kucotsa pulagi pakhoma.

Coyamba, zungulitsani cogwirira cosinthira msinkhu ndipo muone cimene cikuyenda. Pa makina ambiri otseguka mbali imodzi, monga Jet 16-32, dramu ndiyo imakwera ndi kutsika pamene lamba amakhala malo amodzi, motero matebulo oima paokha pansi angagwire nchito bwino. Pa makina ena cimene cimayenda ndi tebulo la lamba, ndipo pamenepo matebulo anu ayenera kumangidwa ndi mabauti ku tebulo lomwelo kuti aziyendera limodzi. Mukapanda kutero, mudzakhala mukusintha miyendo nthawi iliyonse mwasintha msinkhu.

Pamwamba pa tebulo ikani plywood ya mamilimita 18 yomatidwa Formica, kapena ipakeni phula la kandulo kuti thabwa liziterereka popanda kulimbana ndi lamba. Cimango cikhale ca angle iron (citsulo copindidwa ngati cilembo L) yowocherera. Ife kuno kunyanja tinayesapo paini wosauma bwino, koma pakati pa kutentha kwa Okutobala ndi cinyezi ca dzinja cimango cinapindika, tebulo n'kukwera mbali imodzi. Utali wa tebulo lililonse ufike theka la thabwa lalitali kwambiri limene mumasalaza. Pansi pa mwendo uliwonse wocherereni nati ndi kulowetsamo bauti, cifukwa simenti ya pansi m'malo athu a nchito sikhala yofanana konse, ndipo kukhazika timatabwa pansi pa miyendo n'kosadalirika makina akayamba kunjenjemera.

Msinkhu ndiwo ufunika kudekha. Goneketsani citsulo cowongoka, cotalika kupitirira mita imodzi, pamwamba pa lamba kuti citulukire pamwamba pa tebulo, kenako zungulitsani mabauti a miyendo mpaka tebulo litatsala pafupifupi theka la milimita kuti likhudze citsuloco. Yesani kumanja, pakati ndi kumanzere. Tebulo lisapose lamba ngakhale pang'ono, pakuti likatero limanyamula thabwa n'kulicotsa pa lamba, lamba n'kumaterereka pansi pake, thabwa n'kuima pamene dramu ikupitiriza kudya malo amodzi.

Amene afuna kuika mapaipi ozungulira m'malo mwa tebulo angatero, koma paipi iliyonse ayiyese ndi sikweya, cifukwa paipi yokhota imakankhira thabwa cammbali.

Mukamaliza, tengani thabwa losafunika kwenikweni, mulembe mizere ya pensulo modutsa kuyambira nsonga ina kufika ina, ndipo mulipititse mocotsa gawo locepa, losafika theka la milimita. Imani cammbali osati kumbuyo kwa thabwa, popeza dramu ingathe kulibweza mwamphamvu, ndipo wothandiza wanu amene ali kotulukira asalikoke kapena kulinyamula. Mizere ikafufutika mofanana, matebulo ali bwino. Ikafufutika kwambiri kunsonga yotsogola, onaninso tebulo lolowetsera; ikatero kunsonga yomaliza, vuto lili ku tebulo lolandirira. Ngati matebulo onse ali pamsinkhu woyenera koma kacigwa kakuonekabe, sinthani mphamvu ya timapaipi tokanikiza thabwa tili kutsogolo ndi kumbuyo kwa dramu, motsatira buku la makina anu.