Kukonza media server yoonetsa vidiyo pa cifanizilo ca nyumba

Media server ni kompyuta yokhala na pulogilamu imene imatumiza vidiyo ku pulojekita kuti cithunzi cigwele ndendende pa cifanizilo. Musanatsegule pulogilamuyo, mangani pulojekita molimba ndipo cifanizilo muciike pomwe cidzakhala mpaka mapeto. Matani tepi pansi mozungulila miyendo ya tebulo. Cifanizilo cikasuntha mamilimita 5 cabe, kuwala kwa pa zenela kumagwela pa cipupa, ndiye muyambilenso.

Mtunda wa pulojekita kucokela pa cifanizilo muupeze ndi throw ratio ya lenzi, kutanthauza mtundawo kugawa na m'lifupi mwa cithunzi. Lenzi ya 1.5:1 ikakhala mamita 3 kucokela pa cifanizilo, cithunzi cimakhala mamita 2 m'lifupi. Pa 1920 x 1080, ndiye kuti pixel imodzi ikuphimba pafupifupi milimita imodzi. M'menyu ya pulojekita zimitsani keystone, overscan na digital zoom, cifukwa zimapotoza cithunzi pulogilamu osadziŵa. Iyake mphindi 20 kapena 30 musanaike focus. Lenzi ikatentha focus imasintha pang'ono.

Pa kompyuta, mu ma setting a display, sankhani Extend, osati Duplicate, scale ikhale 100%, ndipo resolution ilingane na ya pulojekita yeniyeni. Vidiyo ya mafulemu 25 pa sekondi ifuna 50 Hz, ya mafulemu 30 ifuna 60 Hz. Mukasakaniza, cithunzi cimayenda modukiza. Ngati khadi la zithunzi (graphics card) likulola, khomani EDID, uthenga umene pulojekita imauza kompyuta za resolution yake, kuti waya ukazuka mawindo asabalalike. HDMI wamba musamudalile kupitilila mamita 15. HDBaseT, imene imatumiza vidiyo pa waya wa network wa Cat6, imafika mamita 100.

Loŵetsani fayilo ya 3D, OBJ kapena FBX, yokhala na UV map yosagundana (mapu oonetsa pomwe mbali iliyonse ya vidiyo igwela pa cifanizilo). Apa m'pomwe ambili amathamanga. Tengani tepi yopimila, muyelekezele cifanizilo cenico na fayilo, makamaka kutalika kwa madenga. Omanga zifanizilo nthawi zina amasintha zinthu na manja, ndipo pulogilamu singakonze fayilo yolakwika.

Pa calibration mumauza pulogilamu kuti kona iyi ya mu fayilo ni kona iyi pa cifanizilo. Mu camSchnappr, cida ca calibration ca mu pulogilamu ya TouchDesigner, pafunika madontho otele osacepela 6. Ikani 8 kapena 10. Asakhale pa cipupa cimodzi: ena pansi, ena pamwamba pa denga, ena kutsogolo, ena kumbuyo, ena m'mphepete mwa cithunzi. Onse akakhala pakati, pakatipo pamaoneka bwino koma kumbali mizele imaphonya. Sankhani makona akuthwa, imililani pafupi na cifanizilo, ndipo musunthe dontho na mabatani a mivi pixel imodzi-imodzi. Dontho limodzi loikidwa pa kona yolakwika limapinda cithunzi conse, conco cikapindika mwadzidzidzi, cotsani lomalizalo muone. Kenako onetsani wireframe yoyela, kutanthauza mizele cabe ya m'mphepete mwa cifanizilo ca mu fayilo. Mizele igone pa makona enieni. Warp ya manja, kukoka cithunzi nokha kuti cilingane, ni yomalizila cabe, yokonzela pixel ziŵili kapena zitatu.

Kuwala kotayikila pa tebulo na kumbuyo kutsekeni na mask yakuda. Mbali imene ili mu mthunzi pulogilamu singaiunikile, pafunika pulojekita yaciŵili, nayo calibration yake. Pomwe zithunzi ziŵilizo zakumana, zisanjikizane 10 mpaka 20% kuti edge blend, posakanizila kuwala kwa zonse, isaoneke.

Vidiyo muisinthe ikhale ya mtundu wa HAP, kapena DXV ngati museŵenzetsa Resolume Arena, ndipo muisunge pa SSD. Mafayilo amakula, koma khadi la zithunzi ndilo limanyamula nchito, pomwe vidiyo ya mtundu wa H.264 imakonda kukakamila mukalumpha kupita pakati pake. Zimitsani sleep na ma notification, sungani calibration mu fayilo yakeyake, ndipo tsiku lililonse muonetse wireframe anthu asanaloŵe.