Crocus ku Britain: kukwirira mu Okutobala, maluwa mu Febuluwale

Ife tinazolowera kuti mvula ikagwa timabzala, pakatha sabata chimanga chamera. Crocus, duwa laling'ono lokongoletsa pakhomo, satero. Mumamukwirira kuzizira kukamayamba, kuyambira Seputembala mpaka Novembala, kenako miyezi itatu kapena inayi pamalopo pali zii. Musafukule kuti muone ngati waola. Kuzizirako n'kumene kumamuchititsa maluwa, ndiye ngati mwabzala mu poto chifukwa nyumba ndi ya lendi, potoyo azikhala panja, osati pawindo pafupi ndi hita.

Mbewu yake imaoneka ngati timaanyezi ting'onoting'ono. Pogula, tsinani paketi: tofewa kapena tankhungu tisiyeni. Kumbani masentimita 8 mpaka 10, nsonga iloze kumwamba, ndipo titalikirane masentimita 7. Za mizere ngati pamunda wa chimanga iwalani. Mwazani dzanja limodzi pa kapinga, kalikonse mukabzale pomwe kagwera. Maluwa amakongola akatuluka mwa chigulu. Malo akhale owomba dzuwa, poti duwali limatseguka kukawala, kukachita mitambo limadzitsekera. Dothi lamakande ngati la ku London limasunga madzi n'kuoletsa mbewu, choncho sakanizani ndi mchenga kapena timiyala.

Mdani wamkulu ndi gologolo. Chaka changa choyamba ndinabzala Loweruka, podzuka Lolemba ndinapeza timaenje tokhatokha ndi makoko, mwini wake ali phee pampanda akundiyang'ana. Masiku ano ndimayala waya wa khola la nkhuku pamwamba, n'kupsinja ndi njerwa mpaka masamba atayamba kusuzumira. Mtundu wa Crocus tommasinianus agologolo saukonda kwenikweni, komanso umaswana wokha chaka ndi chaka.

Mu Febuluwale ndi Malichi, mitengo ikadali mbee, mudzaona apepo, achikasu ndi oyera, njuchi zoyamba zili piringupiringu. Apepo ambiri amene mumaona m'mapaki ena anabzala ndi a bungwe lothandiza anthu la Rotary pa kampeni yothetsa poliyo, kukumbutsa inki imene amapaka pa chala cha mwana akalandira katemera.

Maluwa akafota, musathamangire kutchetcha. Masamba asiyeni masabata 6, chifukwa ndi amene akudyetsa mbewu ya chaka chamawa. Ndipo ngati muli ndi ana kapena galu, werengani paketi bwino: Colchicum, amene amagulitsidwa ndi dzina loti autumn crocus, ndi poizoni. Mbewu zonsezi zisungeni kutali ndi dengu la anyezi kukhitchini.