Musanalowetse draya yanu mu soketi ya dziko lina, werengani kaye tizilembo tija

Asisi anga, komanso inu achimwene amene mumayenda ndi mashini ometera, nkhani iyi ndakhala ndikufuna kuilemba kuchokera tsiku lomwe ndinaona draya ya mnzanga ikupsa ili m'manja mwake. Iyeyu amakhala ku America, anabwera kudzacheza kuno ku UK, draya yake yabwinobwino anaikulunga pakati pa zovala ndipo adaputa anagula pa eyapoti. M'mawa wake wasamba, tsitsi lili chinyowere, walowetsa pulagi mu adaputa, adaputa mu soketi, nkuyatsa. Inalira mokuwa ngati ikufuna kuuluka, mkati mwake mwafiira ngati makala, kenako phuu, kautsi, fungo la pulasitiki yopsa nyumba yonse, magetsi a kuchipinda nkuthima. Sipanathe ndi masekondi 10 omwe. Anangokhala pabedi thaulo lili kumutu, mawu osatuluka, pomwe masana omwewo timayembekezeka ku ukwati. Zinandiwawa kwambiri chifukwa ndikanamuuza usiku wake sizikanachitika.

Nde chinthu choyamba, chimene anthu ambiri sitinauzidwepo: adaputa sisintha mphamvu ya magetsi. Ntchito yake ndi kusintha mano a pulagi kuti alowe m'mabowo a soketi basi. Magetsi amene ali m'khomamo amadutsa momwe alili mpaka kukafika mu chipangizo chanu.

Magetsi a ku Malawi ndi 230V (V ndi volteji, mphamvu ya magetsi) ndipo pulagi yake ndi ija ya mano 3 amakona, chimodzimodzi ndi UK, Ireland, Kenya ngakhale ku Dubai, moti pakati pa maiko amenewa mumangolowetsa osafuna china chilichonse. South Africa nayo ndi 230V koma mano ake ndi obulungira, akuluakulu aja, ndipo nyumba zina zatsopano aika masoketi a timabowo ting'onoting'ono. Germany, France, Portugal ndi maiko ambiri a ku Europe ndi 230V mano awiri obulungira, Israel ndi 230V ndi soketi yakeyake, Australia 230V mano opendekeka. Konseku ngati chipangizo chanu ndi cha 230V adaputa yokha ikukwanirani. Vuto lili pa America ndi Canada pomwe magetsi ndi 120V, ndi Japan pomwe ndi 100V. Chipangizo chotenthetsa chopangidwira 120V mukachiika pa 230V kutentha kwake sikungowirikiza kawiri ayi, kumafika pafupifupi kanayi, nchifukwa chake draya ya mnzanga ija inafiira pompopompo. Mukachita mosemphanitsa, ya 230V kuiyika ku New York kapena Toronto, siipsa koma imangotulutsa kamphepo kofunda kopanda mphamvu, mutha kukhala ola lathunthu tsitsi osauma, ndipo zina zokhala ndi ka sikirini sizimayaka nkomwe.

Yankho lili pa chipangizo chomwecho. Yang'anani pa chogwirira, pafupi ndi pomwe chingwe chalowera, kapena pa pulagi, pali tizilembo tating'ono kwambiri tomwe nthawi zina timakhala ta mtundu umodzi ndi pulasitikiyo. Ine ndimajambula ndi foni kenako nkukulitsa chithunzicho. Mukaona 100-240V, 50/60Hz ndiye kuti chimenecho chimayenda dziko lililonse, adaputa yokha basi. Mukaona 220-240V yokha, chisiyeni ngati mukupita ku America, Canada kapena Japan. Mukaona 120V kapena 125V yokha, chimenecho chisalowe mu soketi ya ku Europe kapena ya ku Africa ngakhale kongoyesa. Ma straightener ambiri a masiku ano ali ndi 100-240V ija, koma ma draya ndi ochepa, ngakhale odula kwambiri, mwachitsanzo Dyson Supersonic imapangidwira magetsi a dera lomwe yagulitsidwa. Palinso ma draya a paulendo okhala ndi kabatani kobulungira kolembedwa 125 mbali ina 250 mbali ina, kamene mumakapotokola ndi ndalama yachitsulo. Amenewa ndi abwino koma sasintha okha, mukaiwala kupotokola apsa ngati ena onse, nde muzipotokola mukupakira muli kunyumba osati mutafika mutatopa ndi ulendo.

Ena akuuzani kuti gulani converter, chipangizo chosinthira volteji. Ine maganizo anga ndi oti musavutike nayo. Draya imadya magetsi ambiri, pakati pa 1800W ndi 2200W, ndipo thiransifoma yeniyeni yoti ipirire zimenezo ndi chitsulo cholemera makilo angapo, chimene chikulanda malo a zovala zanu. Timaconverter ting'onoting'ono totchipa tija timangoduladula magetsi mwachidule, pa draya yachikale mwina titha kugwira, koma straightener yokhala ndi manambala owala ndi zoyezera kutentha timaiononga.

Adaputa nayonso ili ndi malire ake, apa ndi pomwe anthu amene anachita bwino pa volteji amagwera. Draya ya 2000W pa 230V imakoka pafupifupi 9A (A ndi muyeso wa magetsi omwe chipangizo chikukoka), pomwe ma adaputa ena aja okongola a dziko lonse okhala ndi mabowo a USB analembedwa 6A kapena 8A, anapangidwira foni ndi laputopu. Mukaikapo draya fyuzi yake imaduka, kapena imatentha mpaka kusungunuka ili pakhoma. Gulani adaputa wamba ya dziko lomwe mukupitalo yolembedwa 10A kapena 13A, ndipo mukamagwiritsa ntchito muziikhudza, ikayamba kutentha zimitsani. Ku UK mukaona kasoketi ka mabowo awiri m'bafa kolembedwa kuti nka zometera ndevu, kalemekezeni, kamatulutsa magetsi ochepa zedi, draya sikangaikwanitse.

Achimwene, zanu ndi izi mwachidule. Mashini ometera a chingwe aja onjenjemera amadalira liwiro lomwe magetsi amagundira, 50Hz kapena 60Hz, nde a ku America, omwe ndi a 60Hz, mukawabweretsa ku dziko la 50Hz, ngakhale mutaika thiransifoma amangochita phokoso ngati chigayo kwinaku akukoka tsitsi. A batire otchaja ndi USB ndi amene alibe mavuto paulendo.

Za pa ndege. Chipangizo cha chingwe chimaloledwa konse, mu chikwama cha m'manja kapena mu sutikesi yopita pansi. Chopanda chingwe, chokhala ndi batire la lithium, chikhale m'manja ndipo muchitseke choti chisayake chokha m'chikwama. Ku Japan amakhwimitsa kwambiri, straightener yomwe batire lake silichotsedwa kapena kulumulidwa amaikana. Zija zoyendera gasi amalola chimodzi pa munthu chivundikiro chili pomwepo, timabotolo ta gasi tapadera ndi toletsedwa, ndipo ku America zimenezi sizilowa mu sutikesi ya pansi. Malamulo amasiyana pang'ono kampani ndi kampani, choncho tsegulani tsamba la ndege yanu musanatseke zipi.

Mafuta a tsitsi ndi amene amatiliza kwambiri pa sekyurite. Lamulo la 100ml limawerenga kukula kwa botolo osati zimene zatsala mkati, nde botolo la 250ml lokhala ndi jelo pang'ono pansi amalitaya inu mukuona. Jelo, kirimu, shea butter, zonse zopakika amaziwerenga ngati zamadzi. Ma eyapoti ena anayamba kufewetsa lamuloli chifukwa cha makina atsopano, koma komwe mukasinthire ndege kapena pobwerera mwina sanasinthe, ine ndimangotsatira 100ml kulikonse. Ndimathira mu timabotolo ting'onoting'ono, pakamwa pake ndimaika kapulasitiki ndisanatseke chifukwa m'mwamba muja mafuta amatuluka okha nkudetsa zovala. Sipuleyi yaikulu ipite pansi, chitini chisapose 500ml.

Chonde chinthu china, musapakire straightener ikadali yotentha. Imafika madigiri 200 kupita m'mwamba ndipo imachedwa kuzizira kuposa momwe timaganizira. Tsiku lonyamuka timathamanga, tawongola tsitsi komaliza, taxi ili panja, nkuiponya pamwamba pa zovala. Wigi ya synthetic ikakhudzana nayo imakwinyika osadzawongokanso. Igwiritseni ntchito poyambirira, izulenipo pa soketi, muipakire pomaliza m'kathumba kake kopirira moto, ndipo chingwe musamachikulunge mothina kuzungulira chipangizocho, chimathyokera mkati pomwe chalowera.

Koma tsopano ndinene zoona zake, ine ndinasiyiratu kunyamula draya. Chikwama cha m'manja pa Ethiopian Airlines ndi makilo 7, pa easyJet kachikwama kaulere ndi 45 x 36 x 20 cm koyenera kulowa pansi pa mpando, nde draya ndi chingwe chake ndi chipeso chake chakutsogolo chija zimadya malo a nsapato ndi diresi, komanso mawonekedwe ake ndi ovuta, sizigona bwino paliponse. Chimene chinandimasula ndi kukonza tsitsi ulendo usanafike. Ndimaluka kutatsala masiku awiri kapena atatu kuti mutu uyambe wapola, chifukwa kukhala maola 8 pa mpando wa ndege ndi zoluka zothina za dzulo ndi chizunzo, sungatsamire ngakhale pang'ono. Ngati ndi ulendo wa sabata imodzi kapena awiri, mizere yogona pansi ndi wigi imodzi zimakwana, pa ntchito, pa tchalitchi, pa phwando. Wigi ndimaitembenuza kunja kukhala mkati, mkatimo nkuikamo duku lopindapinda kuti isaphwatalale, kenako mu kaneti kake ndi m'kathumba ka satini, ndikafika ndimangoigwedeza nkuipachika usiku wonse. Chipewa cha satini chogonera sichilemera kanthu koma chimasunga tsitsi kuposa chipangizo chilichonse, makamaka kumaiko ozizira komwe ma hita amaumitsa mpweya m'nyumba tsitsi nkumathothoka. Wa tsitsi lachilengedwe amene akufuna liwongoke popanda moto, kumanga ndi ulusi usiku kumagwira bwino, kampukutu ka ulusi kamalowa ndi mu nsapato momwe. Zopiringiza tsitsi za siponji zija nazonso nzopepuka, mumazifinya m'makona a chikwama.

Mnzanga uja tsiku lija ndi ulusi womwewo umene unatipulumutsa. Draya yanga ndinali nditabwereketsa, nde ndinamukhazika pansi pakati pa miyendo yanga, kupukuta ndi sikipa yakale, kugawa tsitsi zigawo 8, mafuta pang'ono, kumanga, iye nkukhala pafupi ndi hita tikumwa tiyi. Pomasula masana linali lawongoka mokwanira kulimanga kumbuyo bwinobwino.

Ngati simungathe kukhala opanda moto, sankhani chimodzi chokha cha 100-240V, ine ndingatenge straightener yopyapyala chifukwa imawongola komanso imapiringiza. Draya funsani komwe mukupita, mahotelo ambiri ali nayo ngakhale imakhala yofooka ndipo ilibe chipeso kutsogolo, nde tengani chipeso chanu cha mano otalikirana muziumitsa chigawo chigawo mukulikoka pang'ono ndi dzanja. Kwa achibale tumizani uthenga mufunse, palibe chamanyazi. Ndipo ngati mukusamuka kukakhala miyezi kapena zaka, gulani komweko, ikhala ndi pulagi yoyenera ndipo ikaonongeka muli ndi pobweza.

Inu a ku America ndi Canada, pogula mphatso zotumiza kumudzi muzikumbukira zomwezi. Mchemwali wanu wakupemphani draya kapena straightener yoti ayambire saluni, mwasankha yokongola, mwalipira kilo yake pa ndege, iye akaiyika pa 230V ipsa tsiku loyamba lomwelo, ndipo mwina sakuuzani poopa kukukhumudwitsani. Tembenuzani bokosi musanalipire, pakhale 100-240V kapena 220-240V, ndipo muikemo adaputa ya mano 3 amakona ya 13A m'bokosi momwemo.