Kusankha makina otsika mtengo oyezera kuchindikala kwa khoma la silinda

Buloko ya injini isanapite kokakulitsa masilinda, pali funso limene vernier ndi bore gauge sizingayankhe: pakati pa bowo la silinda ndi njira ya madzi oziziritsa patsala chitsulo chochindikala bwanji? Bore gauge imangokuuzani kukula kwa bowo. Khoma lenilenilo limayezedwa ndi ultrasonic thickness gauge, imene amakaniko ena amaitcha sonic tester. Kamutu kake, kotchedwa probe, kamatumiza mafunde a phokoso losamveka ndi khutu kulowa m'chitsulo. Mafundewo amakagunda kuseri kwa khoma n'kubwerera, ndipo makinawo amawerengetsa kuchindikala pogwiritsa ntchito nthawi ya ulendowo ndi liwiro la phokoso m'chitsulocho.

Khoma la silinda silikhala lofanana mbali zonse. Pothira chitsulo ku fakitale, chikombole chamchenga chimene chimasiya njira ya madzi chimatha kusuntha pang'ono, mbali imodzi n'kutuluka yochindikala, inayo yopyapyala. Pa zimenezi onjezerani dzimbiri. Injini ya minibasi imene yayenda zaka zambiri ndi madzi a pampopi kapena a pamjigo opanda coolant imadyeka mkati, kumene diso silifika. Kukulitsa bowo la silinda (rebore) ndi mamilimita 0.50 kumachotsa 0.25 mbali iliyonse, ndi 1.00 kumachotsa 0.50, ndipo khoma likapyapyala kwambiri limapindika pamene injini ikugwira ntchito, maringi satseka bwino, kenako limang'aluka madzi n'kulowa mu oilo.

Makina opangidwira ntchito imeneyi, monga a kampani ya Dakota, amabwera ndi probe yozungulira nkhope kuti ikhale bwino m'silinda, koma mtengo wake ndi wa malo okonzera injini tsiku ndi tsiku. Otsika mtengo, monga GM100 ya Benetech ndi anzake ochokera ku China, anapangidwira kuyeza mapaipi, matanki ndi malata achitsulo. Angathe kuyeza silinda ndithu, pokhapokha mutakonza zinthu ziwiri zimene zimawanamiza. Ndipo zonse ziwiri zimanamizira mbali yoopsa: zimaonetsa khoma lochindikala kuposa mmene lilili.

Choyamba ndi liwiro la phokoso. Makina ambiri amabwera ataikidwa pa liwiro la steel, mamita pafupifupi 5,920 pa sekondi. Mabuloko ambiri ndi a cast iron, chitsulo chothira m'chikombole, ndipo m'chitsulo chimenechi muli timabala ta graphite timene timachedwetsa ndi kumwaza mafunde. Liwiro lake limakhala cha m'ma 4,600, koma limasiyana kwambiri buloko ndi buloko. Mukayeza khoma la mamilimita 4.0 makina ali pa 5,920, adzakuonetsani 5.1. Munthu n'kusangalala kuti malo alipo, pamene milimita yoposa imodzi kulibe. Choncho musagule makina amene amangokupatsani mndandanda wa zitsulo zoti musankhepo. Mufune amene amalola kulowetsa liwiro ndi manja, nthawi zambiri kuyambira 1,000 mpaka 9,999, ndipo koposa zonse amene amalola kuika probe pa chitsulo chodziwika kuchindikala kwake, inu n'kulowetsa nambala yeniyeni, makina n'kudzipezera okha liwiro. Ngati alinso ndi two-point calibration, yotchera pa zidutswa ziwiri, chopyapyala ndi chochindikala, ndi bwino kwambiri.

Chachiwiri ndi probe, ndipo apa ndi pamene ndalama zanu ziyenera kupita. Makina otchipa amabwera ndi probe ya nkhope yafulati, mamilimita 10 m'mimba mwake, ya 5 MHz (MHz ndi muyezo wa kuchuluka kwa mafunde pa sekondi). Mkati mwa silinda ndi mokhota. Probe yotero imangogunda ndi m'mphepete mwake, pakati n'kutsala mpata. Mu silinda ya mamilimita 96, monga ya injini ya Toyota 3L, mpatawo umafika pafupifupi mamilimita 0.26 pakati pa probe. Ukuoneka wochepa, koma umadzala ndi mafuta amene mumapaka pa probe poyeza, ndipo m'mafuta phokoso limayenda pang'onopang'ono kuposa theka la liwiro lake m'chitsulo, motero makina amauwerenga ngati chitsulo chowonjezera, mwina kufika theka la milimita. Probe ya mamilimita 6 imasiya mpata wosafika 0.1 mu silinda yomweyo. Vuto lake n'lakuti ma probe ang'onoang'ono ambiri ndi a 7 MHz kapena kuposa, ndipo mafunde otero amamwazika msanga mu cast iron, nambala n'kumalumphalumpha. Zimene zimagwira bwino ntchito ndi probe ya mamilimita 6 mpaka 8 ya 5 MHz. Ma probe a 2 kapena 2.5 MHz amalowa bwino mu cast iron yochindikala, koma ndi aakulu ndipo savomera kuyeza khoma lopyapyala la mamilimita 2 kapena 3, lomwe ndi limene mukulisaka.

Onaninso kumene waya amatulukira. Probe imene waya wake amatuluka chammbali ndi yaifupi, imalowa m'silinda pamodzi ndi zala. Imene waya amatuluka kumbuyo imakuvutitsani mu silinda yaing'ono ya mamilimita 75, ndipo mudzaipendeka osadziwa. Funsaninso ngati probe imazulika komanso ngati ina yofanana imagulitsidwa payokha, chifukwa ndiyo imayamba kutha.

Pali njira yosandutsira probe yafulati kukhala yokhota. Ikani sandipepala yosalala, ya nambala 400 kapena 600, mkati mwa silinda mchenga wake ukuyang'ana mkati, ndipo khulani nkhope ya probe pokwera ndi kutsika, osaitembenuza, mpaka m'mphepete mwake mwadyeka mofanana ndi kukhota kwa silinda. Chotsani pang'ono chabe, chifukwa nkhopeyo ndi pulasitiki yoteteza timakristo tiwiri tamkati. Lembani chizindikiro chosonyeza mbali yoyang'ana kumwamba. Dziwani kuti probe yopalidwa siikhalanso bwino pa kachitsulo kafulati ka mamilimita 4 kamene kamakhala pa makina ambiri kotchera ziro, choncho gulani ziwiri, imodzi ikhale yosakhudza.

Zina zimene ogulitsa amakometsa nazo malonda si zofunika pano. Kuyeza kudutsa penti kulibe ntchito m'silinda. Kusunga manambala mkati kapena kulumikiza ku kompyuta kungalowedwe m'malo ndi pepala ndi cholembera. Makina oonetsa manambala awiri kutsogolo kwa dontho, 0.01, ndi abwino kuposa a 0.1, koma pa cast iron yadzimbiri musakhulupirire nambala yomalizayo. Chenjeraninso ndi makina otchedwa coating thickness gauge. Amenewo amayeza penti ya galimoto, ndipo pa intaneti amaikidwa pamodzi ndi amene mukufuna.

Chinthu chimene sichigulidwa m'sitolo ndi chidutswa chotchera makina. Pezani buloko yakufa ya cast iron kwa ogulitsa zitsulo zakale, makamaka ya mtundu womwewo wa injini, ndipo dulani chidutswa cha khoma la silinda ndi girayinda. Palani kuseri kwake malo awiri, ena atsale mamilimita pafupifupi 3, ena 6. Yezani ndi micrometer ya nsonga yozungulira, chifukwa yafulati imanamanso pa malo okhota, ndipo lembani manambalawo pa chidutswacho. Tcherani makina probe ili mbali yamkati yokhota. Mukatchera pa malo onse awiriwo, vuto la liwiro ndi la mpata zimakonzeka nthawi imodzi. Kenako tsimikizani pa buloko yeniyeniyo: pezani malo amene mungayeze ndi vernier mbali zonse ziwiri, monga siketi ya silinda kumunsi, muone ngati makina akugwirizana nayo.

Poyeza, buloko ikhale yozizira ndi yotsuka, mwaye wonse utachoka. Pakani giliserini wa ku famase kapena girisi wopepuka pa probe. Oilo wa injini amagwira, koma amatsetsereka pa khoma loimirira. Silinda iliyonse iyezedwe mbali zinayi, kutsogolo, kumbuyo ndi m'mbali zonse ziwiri, pa misinkhu itatu: mamilimita 25 mpaka 30 kuchokera pamwamba, pakati, ndi kumunsi kumene njira ya madzi imathera. Amenewo ndi malo 12 pa silinda, 48 pa injini ya masilinda anayi. Musangodina pamalo amodzi. Yendetsani probe pang'onopang'ono ndipo lembani nambala yotsikitsitsa imene ikubwerezabwereza, poti dzimbiri limakumba timaenje. Nambala ikangolumpha mwadzidzidzi kufika kawiri ya malo oyandikana nawo, makina agwira kubwerera kwachiwiri kwa mafunde, ndipo izi zimachitika kawirikawiri pa khoma lopyapyala kwambiri. Musaione ngati nkhani yabwino.

Mbali yofunika kwambiri ndi imene pisitoni imakankha mafuta akapsa. Pa injini yozungulira ngati wotchi mukaiyang'ana kutsogolo, mbaliyo ili kumanzere kwanu. Injini zakale za Honda za mtundu wa B ndi D zimazungulira mobwerera, choncho kumeneko ndi kumanja. Okonza injini za petulo za V8 ku America ali ndi muyezo wa chizolowezi: mbali imeneyi isatsike mamilimita pafupifupi 3.2 rebore itatha pa galimoto ya mumsewu, ndipo ifike cha m'ma 5 pa injini yowonjezeredwa mphamvu. Injini ya dizilo imapanikiza kwambiri kuposa ya petulo, choncho 3.2 kumeneko ndi yochepa. Ngati buku la injini lapereka malire a rebore, malirewo ndiwo otsatira.

Musanawononge ndalama, onani kaye ngati injini zimene mumakonza zili ndi ma liner, mapaipi achitsulo olowetsedwa m'buloko mmene pisitoni imayendamo. Pa Isuzu 4JB1 kapena Perkins 4.236 ya mathirakitala a Massey Ferguson muli dry liner, imene sikhudza madzi oziziritsa, ndipo mafunde amabwerera pamene liner yakumana ndi buloko, motero mumayeza liner yokha. Kuti mudziwe khoma la buloko, zulani kaye linerayo. Pa mabuloko a aluminiyamu okhala ndi liner ya chitsulo mkati, mumayezanso liner yokha. Wet liner ya malole akuluakulu, imene imakhudza madzi oziziritsa, imazulika yonse, ndipo ikatuluka micrometer ndi maso n'zokwanira.