Momwe mungayezere mchere ndi zitsulo za m'magazi ndi makina a capillary electrophoresis

Nkhaniyi ndalembera ophunzira za mu labu ndiponso anzathu amene amatenga magazi m'makiliniki a kuno kummawa, kuyambira ku Lundazi, Chadiza ndi Katete mpaka ku Petauke. Adokotala akalemba kuti wodwala ayezedwe ma electrolyte, amafuna kudziwa kuchuluka kwa sodium, potassium, calcium, magnesium ndi chloride m'thupi mwake. Mwana amene watsegula m'mimba kwa masiku angapo, mayi amene impso zake zafooka, agogo amene akumwa mankhwala a BP okodzetsa, onsewa moyo wawo ukhoza kudalira nambala imodzi. Mwa munthu wathanzi sodium imakhala pakati pa 135 ndi 145 mmol/L, pamene potassium imangokhala 3.5 mpaka 5.0. Potassium ikakwera kudutsa 6.5, mtima ukhoza kusokonezeka mpaka kuima.

M'zipatala zambiri ntchitoyi imachitika ndi makina a ma electrode osankha ion imodzi imodzi (ion ndi kachidutswa ka mchere wosungunuka kamene kali ndi mphamvu ya magetsi, monga sodium kapena chloride). Makina a capillary electrophoresis, amene ambiri amangowatchula kuti CE, amapezeka kwambiri m'mayunivesite ndi m'malabu a kafukufuku. Ine ndimawakonda chifukwa amakuonetsani ma ion angapo nthawi imodzi kuchokera ku kadontho kosaoneka ndi maso, ndipo satha mankhwala ambiri. Koma makinawa amayankha za zomwe zili m'chubu chimene mwawapatsa, osati zomwe zili m'thupi la wodwala. Kuti ziwirizi zifanane ndi ntchito ya manja anu, n'chifukwa chake ndiyambira ku mkono wa wodwala.

Kutenga magazi

Yang'anani kaye ngati wodwalayo ali pa dilipi. Ngati ali nayo, tengani magazi ku mkono winawo. Normal saline, madzi a mchere a mu dilipi, imakhala ndi sodium ndi chloride 154 mmol/L, ndipo ikalowerera m'magazi amene mwatenga imakweza ziwirizi n'kusungunula zina zonse.

Lamba womanga mkono asapitirire mphindi imodzi. Ndipo siyani chizolowezi chouza wodwala kuti "fumbatani, tambasulani, fumbataninso". Minofu ikamagwira ntchito imatulutsa potassium, ndiye mumapeza nambala yokwera mwa munthu amene alibe vuto.

Chubu nacho ndi nkhani yaikulu. Gwiritsani ntchito cha chivindikiro chofiira kapena chachikasu, chimene chimapereka serum, madzi otsala magazi akaundana. Chachivindikiro cha pepo chija timatengera full blood count chimakhala ndi potassium EDTA, mankhwala oletsa magazi kuundana: chimathira potassium m'magazi, n'kugwira calcium ndi magnesium. Mukaona potassium yokwera modabwitsa pamodzi ndi calcium yotsika kwambiri, wodwala ali phee akucheza ndi abale ake pabedi, kayikirani EDTA. Nthawi zambiri zimachitika munthu akaona kuti magazi achepa m'chubu chofiira, n'kuthirako pang'ono kuchokera m'cha pepo. Musamatero. Dzazani chofiira choyamba, cha pepo pambuyo. Chobiriwira cha lithium heparin n'chabwino pa ma ion ena, koma simungayezere nacho lithium mwa wodwala amene akumwa mankhwalawa chifukwa cha matenda a maganizo.

Kulekanitsa serum msanga

Apa ndi pamene zinthu zambiri zimaonongekera, makamaka kwa ife amene magazi athu amayenda ulendo wautali asanafike ku labu yaikulu ku Chipata. M'kati mwa maselo ofiira muli potassium yochuluka kuposa ka 20 poyerekeza ndi imene ili m'madzi owazungulira. Maselowa akasweka, kapena akangokhalitsa, potassium imatulukira mu serum.

Siyani magazi aundane kwa mphindi 30, kenako azungulitseni mu centrifuge kwa mphindi 10, ndipo serum muichotse pamwamba pa maselo pasanathe maola awiri. Ikweze ku kuwala muione. Yabwino imakhala yachikasu choyera ngati udzu wouma. Ikakhala yofiirira, ngakhale pang'ono, maselo asweka, ndipo potassium ndi magnesium zake n'zosadalirika. Pemphani magazi ena.

Anthu ambiri amaganiza kuti kuika magazi osalekanitsa mu fuliji ndiko kuwasamala. Pa potassium ndi kulakwitsa. Kuzizira kumaimitsa mapampu a m'khungu la selo amene amabwezera potassium m'kati, ndiye imangotuluka. Fuliji ndi ya serum yolekanitsidwa kale. Ndikudziwa kuti ku chigwa cha Luangwa, cha ku Mambwe uko, October amatentha mpaka kudutsa madigiri 40, ndipo mtima umafuna kuthamangira ku ayezi. Zungulitsani kaye, kuziziritsa kubwere pambuyo. Ngati serum ipita pa njinga yamoto, machubu muwaimike chilili ndi kuwatchinjiriza kuti asagubuduke m'bokosi.

Zomwe zimachitika m'kati mwa makina

Musanakhudze batani lililonse, mvetsani chimene mukuyendetsa. Mtima wa makinawa ndi kachubu ka fused silica kotchedwa capillary, kautali wa masentimita 30 mpaka 100. Bowo lake ndi la ma micrometre 50 kapena 75, kutanthauza kuti pa milimita imodzi mungandandalike mabowo otere 13 mpaka 20. Kachubuka kamadzazidwa ndi madzi a mankhwala otchedwa buffer, nsonga zake ziwiri n'kumizidwa m'timabotolo tiwiri ta buffer yomweyo, ndipo pakati pake pamadutsa magetsi ofika mavolti 30,000. Njira yolekanitsa zinthu ndi magetsi inamupezetsa Arne Tiselius wa ku Sweden mphoto ya Nobel mu 1948, koma kuichita m'kachubu kopyapyala chonchi kunatchuka mu 1981 ndi ntchito ya James Jorgenson ndi Krynn Lukacs ku America.

Ma ion a zitsulo ali ndi mphamvu ya positive, choncho amathamangira ku mbali ya negative, kumene kuli chowaona. Safika nthawi imodzi. Taganizirani anyamata a njinga atanyamuka pamodzi kupita ku msika wa Kapata: wopanda katundu amafika msanga, wa matumba a makala amafika pambuyo, pokhapokha ngati ali ndi mphamvu zoposa anzake. Mphamvu ya ion ndi charge yake, ndipo katundu wake ndi madzi amene amaimatirira. Lithium ndi kakang'ono kuposa sodium ndi potassium, koma imakoka madzi ambiri, ndiye imafika kumapeto. Potassium imanyamula madzi ochepa ndipo imatsogola. Mu buffer yodziwika ya MES ndi histidine, kawirikawiri potassium ndiyo imayamba, kenako calcium, sodium, magnesium, lithium n'kutsekera. Zonsezi zimatha pasanakwane mphindi 10.

Kukonza serum

Serum simungailowetse mmene ilili. Ili ndi mchere wambiri, komanso mapuloteni ake amamatira ku khoma la capillary n'kusintha liwiro la madzi, kotero kuti nthawi yofikira ma ion imayamba kusuntha. Njira yosavuta ndi kuisungunula ndi madzi oyera, gawo limodzi pa 50 kapena pa 100. Ena amachotsa mapuloteni ndi acetonitrile kapena ndi sefa ya ultrafiltration. Kumbukirani kuti pafupifupi magawo 40 pa 100 a calcium ya m'magazi ndi yomangika ku mapuloteni, makamaka albumin. Mukasefa mapuloteni mwachotsa nayo, ndipo nambala yanu sidzafanana ndi ya calcium yonse ija ya 2.1 mpaka 2.6 mmol/L. Lembani pa lipoti mtundu wa calcium umene mwayeza. Ngati mukuyeza mkodzo, ulibe mapuloteni ambiri, umangofuna kusungunula ndi kusefa pa sefa ya ma micrometre 0.45.

Ndikati madzi oyera ndikutanthauza deionised water ya 18.2 megaohm. Madzi a pampopi ndi a pa mjigo ali ndi calcium ndi magnesium yawoyawo. Gwiritsani ntchito timabotolo ta pulasitiki, chifukwa galasi limatulutsa sodium pang'onopang'ono. Valani magolovesi, osati kungodziteteza, komanso chifukwa thukuta la chala chanu ndi mchere. Serum mukaisungunula ka 100, potassium yake imatsala pafupifupi 0.04 mmol/L yokha. Pa mlingo umenewo kukhudza m'kati mwa chivindikiro ndi chala kukhoza kusintha yankho.

M'botolo lililonse thirani muyezo wofanana wa ion ina imene mulibe mwa wodwala, kuti ikhale internal standard, yoyerekezera nayo ma ion enawo. Lithium imagwira bwino ntchitoyi ngati wodwalayo sakumwa mankhwala a lithium.

Kukonza capillary ndi buffer

Capillary yatsopano itsukeni ndi sodium hydroxide ya 1 M, kenako madzi oyera, kenako buffer. Tsiku lililonse poyamba ntchito bwerezani ndi ya 0.1 M. Musafulumire pa madzi ndi buffer zotsatirazo, pakuti chotsukiracho chili ndi sodium yomwe mukufuna kuyeza. Yendetsani madzi okha ngati blank, kuti muone ngati capillary yayera. Ngati pa chithunzi patuluka kaphiri pamalo a sodium, tsukaninso.

Buffer imadalira chowonera chimene makina anu ali nacho. Sodium ndi potassium sizimwa kuwala kwa UV, choncho pa makina a UV timaika imidazole mu buffer. Imidazole imamwa kuwala pa 214 nm, ndipo ion ikamadutsa imaikankha, makina n'kuona kuti kuwala kwadutsa kochuluka. Njira ina ndi chowonera chotchedwa C4D, imene inafalikira kuyambira mu 1998, yomwe imamva mmene madzi akudutsitsira magetsi popanda kuwakhudza. Imeneyi ndiyo imayenda ndi MES ndi histidine pa pH pafupifupi 6. Pa njira zonse ziwiri, potassium ndi ammonium zimathamanga mofanana kwambiri moti zimatuluka ngati phiri limodzi. Onjezerani 18-crown-6 pang'ono: imagwira potassium n'kuichedwetsa, ziwirizo n'kupatukana. Pa mkodzo, umene umakhala ndi ammonium yambiri, musaiwale zimenezi.

Sefani buffer ndi kuichotsa mpweya. Kathovu kamodzi m'capillary kamadula magetsi.

Kuyendetsa

Yambani ndi ma standard, madzi amene kuchuluka kwa ma ion ake mukukudziwa kale, pa milingo isanu yozungulira manambala amene mukuyembekezera. Kenako ma control awiri oyesera ngati makina akuyeza molondola, wa mlingo wabwinobwino ndi wa mlingo wa matenda. Control ikaphonya, magazi a odwala adikire.

Polowetsa serum gwiritsani ntchito mpweya wokankha, monga ma millibar 50 kwa masekondi asanu. Zolowazo ndi ma nanolitre ochepa chabe. Kulowetsa ndi magetsi kumakondera ma ion othamanga, ndipo kumasintha malinga ndi mchere wa wodwala aliyense. Ikani kutentha pa madigiri 25 ndipo kusasinthe, chifukwa digiri imodzi imasintha liwiro ndi pafupifupi magawo awiri pa 100. Maso anu akhale pa current, kuchuluka kwa magetsi odutsa m'capillary. Ikagwa mwadzidzidzi pali thovu kapena capillary yathyoka. Ikamakwerakwera, m'kati mukutentha kapena buffer yatopa, ndiye thirani yatsopano m'timabotolo tonse tiwiri. Malaiti akazima ntchito ili pakati, musapitirize pomwe munalekera: tsukani, yendetsaninso control. Chitseko cha makina chili ndi loko amene amadula magetsi mukachitsegula, ndipo wina asakuphunzitseni kumunamiza.

Chloride ndi ma ion ena a negative amafuna ulendo wawo: mumatembenuza magetsi ndi kuika mankhwala monga CTAB otembenuza kayendedwe ka madzi m'capillary.

Kuwerenga zotsatira

Pa kompyuta pamatuluka mzere wokhala ndi timapiri. Nthawi imene phiri latulukira imakuuzani dzina la ion, kukula kwake kumakuuzani kuchuluka. Gawani kukula kwa phiri ndi nthawi yake yofikira, chifukwa ion yochedwa imakhalitsa pa chowonera n'kuoneka yaikulu kuposa mmene ilili. Yerekezani ndi internal standard, werengani pa mzere wa ma standard, n'kuchulukitsa ndi mmene munasungunulira. Mukapeza sodium 1.38 pa serum yosungunulidwa ka 100, lipoti likhale 138 mmol/L.

Sodium ndi yochuluka kuposa potassium ka 30 ndi kupitirira, ndiye phiri lake limakhala lotambalala ndipo likhoza kumeza calcium ndi magnesium zoyandikana nalo. Zikatero sungunulaninso, kapena onjezerani mankhwala otchedwa HIBA mu buffer kuti igwire calcium ndi magnesium n'kuzisuntha.

Pali zitsulo zina zimene CE wamba sangazione bwino. Mtovu wa lead, umene wavutitsa ana ku Kabwe ngakhale mgodi unatsekedwa mu 1994, umakhala pafupifupi wonse m'maselo ofiira, choncho umayezedwa m'magazi athunthu a EDTA, osati mu serum. Mlingo umene bungwe la WHO limati pachitike kanthu ndi ma microgram 5 pa decilitre, wochepa kuposa potassium ka 10,000 ndi kupitirira. Magazi otero atumizeni kumene kuli makina a atomic absorption kapena ICP-MS, m'chubu chopangidwira zitsulo.

Nambala yoopsa ikatuluka, monga potassium yodutsa 6.0 kapena yotsika pansi pa 2.5, kapena sodium yotsika pansi pa 120, yang'ananinso mtundu wa serum, chubu chimene inabweramo ndi nthawi imene magazi anatengedwa, ndipo yendetsaninso kamodzi. Ikabwereza, musadikire kuti pepala liyende lokha. Imbani foni ku wodi, tchulani dzina ndi nambala ya wodwala, muwapemphe a nesi kapena adokotala abwereze nambala imene mwawauza, ndipo lembani m'buku nthawi ndi dzina la amene walandira uthengawo.